Laimu pa Mitengo ya Amayi Smaranda

Kuseri kwa nyumba ya apongozi anga kunali makola a nkhumba a famu ya boma yakale ija. Famuyo itagwa, anthu anasasula malata, anatuta njerwa, pamalopo panamera thengo. Thengolo linakhala zaka zambiri osalakwira munthu, mpaka tsiku limene kunabwera amayi Smaranda, katswiri wokonza malo wochokera ku mzinda wa Sibiu kuno ku Romania, atavala majombo okongola kuposa nsapato zanga za ukwati. Anayenda uku ndi uku ndi mapepala aakulu, anabweretsa mathirakitala, anakumba, anafesa, anadzala, ndipo patapita zaka ziwiri anaitana mudzi wonse kuti ukaone zimene apanga. Anali atapanga thengo. Kusiyana kwake kunali kwakuti ili linali ndi mpanda, geti, kanyumba kophunziriramo ana a sukulu, ndi chikwangwani chonena kuti awa ndi Malo Ophunzirirapo Zachilengedwe.

Anthu anaseka. Ine ndinasekera m'mimba, chifukwa bungwe la amayiwo linandilemba ntchito yoyang'anira malowo. Mwamuna wanga Dorin amadula nyama m'fakitale ku Jeremani. Akazi amene ndinaphunzira nawo ku sekondale onse ali ku Italy, akusambitsa nkhalamba za eni, ana awo akukulira kwa agogo n'kumadziwira amayi awo pa foni. Mwana wanga Ilinca ali ndi zaka zitatu. M'mudzi muno mulibe ntchito ina ya munthu wamkazi. Ya kuthengoyi itati ithe, ine n'kumusiya mwanayu n'kukwera basi ya ku Italy imene imaima pa tchalitchi Lachisanu.

"Ntchito yako ndi yosavuta, Corina," anatero amayi Smaranda pondipatsa kiyi. "Uzitsegulira ana a sukulu, uzisesa m'kalasi. Koma panja pasakhudzidwe kanthu. Udzu woumawu usadulidwe, usatenthedwe. M'mapesi mwake muli mazira a agulugufe ndi tinjuchi ta kutchire. Zipika zowolazi ndi chakudya cha tizilombo. Mulu wa miyalawu ndi wa abuluzi ndi njoka."

"Njoka, madamu?"

"Zambiri mwa izo n'zopanda ululu."

Zambiri mwa izo. Amayi Smaranda alibe mwana, ali ndi galu amene amavala juzi.

"Makamaka udzuwu," anapitiriza. "Zina zonse tingathe kubwezeretsa, koma udzu ukapsa, zaka ziwiri zapita, ndipo bungwe lidzafuna munthu wina. Wandimva?"

Ndinamva. Koma malowo palibe amene ankadana nawo kuposa ine. Dziwe lopanda mpanda, lodzaza achule, pafupi ndi nyumba ya mwana wamng'ono. Udzu wofika m'chifuwa, momwe aliyense woleredwa bwino amadziwa kuti mumakhala nkhupakupa. Ilinca sindinkamulola kupitirira masitepe a kalasi. Tikafika kunyumba ndinkamuvula n'kumuyang'ana kuseri kwa makutu, m'khwapa, pakati pa zala za kumapazi, mpaka mwanayo anazolowera kukweza manja ndisanamuuze.

Chipale chofewa cha nyengo yozizira chitasungunuka, a Meya Gligor analengeza kuti Pasaka akangodutsa kudzabwera alendo a ku likulu kudzatsegulira malowo mwalamulo. Nditamva zimenezo ndinada nkhawa, chifukwa anthu akwathu ndimawadziwa akamva za alendo. Lachisanu madzulo apongozi anga, amayi Veta, anandiyankhula akusankha nyemba, osandiyang'ana n'komwe.

"Amake Ilinca, kiyi ija muisiye patebulo."

"Ya chiyani, amayi?"

"Mwaiwala kuti mawa ndi Loweruka la Lazaro, lokonza mudzi Pasaka asanafike? Kumanda tasesa, mitengo ya mumsewu tipaka laimu mawa. Ndiye alendo adzapeze kuseri kwa nyumba yanga mitengo ili maliseche, udzu wa chaka chatha uli chiimire? Adzati m'mudzi muno anthu anatha kufa."

"Amayi Smaranda anati pasakhudzidwe kanthu."

"Amayi Smaranda anayamba ntchito n'kuthawa asanamalize. Ife tiwathandiza, ndiponso ulele."

"Andichotsa ntchito, amayi."

"Ndiye vuto lili pati? Ku Italy anthu sakufa. Dorin ndinamulera ndekha, kamwana kamodzi kangandikanike?"

Kiyi ndinaibisa m'kamisolo, ndipo m'mawa ndinakaima pageti Ilinca ali m'manja. Ndinavutika chabe. A Meya anali ndi kiyi yawo.

Anabwera mudzi wonse, ndi zidebe za laimu, maburashi, matsache, mawilibala ndi ngolo ya hatchi. A Meya anali patsogolo, atavala jekete la ku ofesi pamwamba pa ovololo yatsopano imene sinadziwepo dothi.

"Bwana, chonde," ndinatero, "malo ano sasesa."

"Mwana wanga, malo osasesa kulibe. Timasesa ngakhale kumanda, kumene eni ake sadandaula."

"Koma anachita kuwakonza dala kuti azioneka chonchi."

"Dala?" Anatembenukira anthu. "Mwamva? Ndiye kuti kuseri kwa khola langa n'kokonzedwa ndi katswiri, ine osadziwa. A dona a ku Sibiu anapanga mbali ya mutu, ife tipanga mbali ya manja. Tasunthako, Corina, ungathiridwe laimu."

Ndinaimbira amayi Smaranda. Foni inaitana mpaka kuduka. Kenako kunabwera uthenga wakuti ali pa msonkhano kunja kwa dziko, akuphunzitsa anthu mmene angagwirire ntchito bwino ndi anthu a kumudzi, ndiye ndisawasokoneze.

Anthu akwathu akagwira ntchito yosafunika amagwira ndi mtima wonse. Timitengo ta thundu ndi ta maapozi a kutchire, toonda ngati chala, anatipaka laimu mpaka m'chiuno, tina mpaka kumutu poti tinalibe chiuno. Anapaka mizati ya chikwangwani. Zipika zowola zija anazicheka n'kukweza pangolo, uku akufunsana kuti nkhuni zoterezi ankasungira ndani. Wina anabwera ndi matayala akale odulidwa ngati mbalame za khosi lalitali, anawapaka oyera, anawaika m'mbali mwa dziwe n'kudzalamo maluwa ofiira. Mulu wa miyala anauphwasula, miyalayo n'kuindandalika m'mbali mwa kanjira, yonse yoyera mbee. Pa mulu umenewo sindinalire. Ine ndinkangoyang'ana udzu, ndi manja a anthu, kuti ndione amene wagwira machesi.

Anali a Nistor, mlongo wawo wa apongozi anga, malume ake a Dorin. Anali atamangirira sanza ku ndodo n'kuiviika mu dizilo.

"Malume, udzuwo ayi."

"Udzu wanji wosatenthedwa, mkazi wa Dorin? Ukapsa ndi pamene umamera wabwino. Funsa ng'ombe iliyonse."

"Muli mazira a agulugufe."

"Mazira a agulugufe." Anaika dzanja kukhutu ngati sanamve bwino. "Abale, bweretsani utoto wofiira, tiwapake tidzadye pa Pasaka. Chaka chino nkhuku zipume."

Anthu anaseka mpaka kutsamira matsache. A Nistor anayamba kuyenda chakumunsi kwa udzu, akugwedeza bokosi la machesi.

Sindikudziwa ngati ndinaganiza. Ndinalowetsa buluku la Ilinca m'masokosi, ndinamumanga mpango wanga kumutu, ndinamunyamula n'kulowa naye mu udzumo, momwe ndinali ndisanamulolepo ngakhale kuponda. Mapesi ankandikanda kumaso. Nditafika pakati ndinakhala pansi, mwana pamiyendo. Chilichonse chinkandiyenda m'thupi, ngakhale zimene kunalibe. Ilinca anasangalala ngati ndamutengera ku chionetsero.

"Iwe Corina," anakuwa apongozi anga. Ulemu wa amake Ilinca unali utatha. "Tuluka ndi mwanayo. Wapenga?"

"Ndatopa, amayi, ndikupuma."

"Ukupuma pa njoka?"

"Zambiri mwa izo n'zopanda ululu."

Anthu anasiya ntchito n'kusonkhana m'mphepete mwa udzu. Wina anati sukulu ya sekondale ndi imene imawononga atsikana. Wina anati n'kusowa mwamuna pakhomo. A Meya anayang'ana wotchi yawo.

"Nistor, yambira kumapeto uko. Akaona utsi atuluka yekha."

A Nistor anatulutsa kamtengo ka machesi. Mphepo inkachokera kumene iwo anaimako, ndipo udzu unali wouma gwa. Ndinagwira mwana ndi manja onse, miyendo yanga itakonzeka kuthamanga, koma sindinadzuke.

Apongozi anga anali ndi burashi yonyowa m'manja. Anayenda mwachangu kuposa mmene ndinawaonerapo, n'kuwapaka mlongo wawo laimu kuyambira pachipewa mpaka pachibwano.

"Uyatse uone, chidakwa iwe. Mdzukulu wanga ali m'menemo."

"Veta, ndi a Meya anena."

"A Meya akatenthe awo."

A Nistor analavula laimu, machesi anagwera pansi, ndipo a Meya anayamba kuyang'anitsitsa mbalame za matayala zija ngati akuziona koyamba. Apongozi anakwinya siketi n'kulowa mu udzu, akutukwana agulugufe, amayi Smaranda ndi mzinda wonse wa Sibiu. Anaima pamwamba panga akupuma mwawefuwefu.

"Ndipatse mwanayo. Iwe utsale ndi mazira akowo."

Ndinadziwa kuti mwana akangotuluka, ine ndekha sindingaletse moto. Kwa iwo, mkazi wobwera kudzakwatiwa amatha kuthamanga.

"Mwana akhala pamene pali amake," ndinatero.

Apongozi anawerama. Kenako anathyola phesi limene linali pafupi ndi diso la Ilinca, analitaya, n'kutuluka mu udzumo. Sanapite kutali. Anakhala pa chidebe chogadabuza, pakati pa udzu ndi anthu, burashi ili pamiyendo.

Dzuwa linafika pamutu. Anthu anali pa kusala kudya kwa Pasaka, m'mimba muli tiyi yekha ndi kachasu wa maplamu, ndipo kachasuyo anatha. Anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense akunena kuti zazikulu zatheka kale. Ine ndinatuluka ngolo itapita. Ndinakiya geti, ndinathamangira kunyumba, ndipo mwana ndinamusambitsa kawiri.

Amayi Smaranda anafika Lolemba m'mawa ndi galu wawo. Analowa pageti. Anagwira kamtengo koyera, anayang'ana chala chawo. Pa mbalame za matayala anatseka maso. Atafika pamene panali zipika anakhala pansi n'kulira, misozi yeniyeni, kulirira mitengo yowola. Ine ndinaima kumbuyo kwawo.

"Unali kuti, Corina?"

"Ndinali pano, madamu."

"N'kumaonerera?"

"Unali mudzi wonse, ndi a Meya amene."

"Ndinkaganiza kuti ndalemba munthu wotha kufotokozera anzake. Ndiyenera kukalankhula ndi bungwe."

Anadzuka n'kupita ku udzu, ine ndikutsatira. Anausisita ndi dzanja ngati mutu wa mwana.

"Mwayi wake uwu sanauganizire," anatero.

Sanauganizire. Ndinatsegula pakamwa, koma iwo anali atalowa kale, akutsata kanjira ka mapesi othyoka. Atafika pakati anaima chilili.

"Corina, tabwera, koma pang'onopang'ono. Taona apa. Ukuona mmene udzu wagonera mozungulira? Pagona gwape apa. Ndipo apa pambali pagona kamwana kake." Anatulutsa foni n'kujambula mbali zonse, atagwada. "Zaka ziwiri ndakhala ndikudikira zimenezi. Nyama zayamba kubwerera."

"Zoonadi, madamu," ndinatero. "Anali wamkulu ndithu."

Nkhope yawo inali itasintha. Anapukuta mphuno, anayang'ananso malo amene ndinakhala ine, n'kupumira m'mwamba.

"Ndinabwera nditakwiya kwambiri. Koma udzu ulipo, ndipo ndi umene ndinakuuza. Ntchito upitirize. Matayalawo achoke, miyala ibwerere pa mulu, ndipo laimuyu ndisamuone alendo akamabwera. Utenge burashi yofewa, makungwa angasupuke."

Sabata yonse yopatulika, akazi anzanga akukanda buledi wa Pasaka ndi kupaka mazira, ine ndinali chogwada ndi chidebe cha madzi ofunda, ndikutsuka mitengo umodziumodzi. Odutsa mumsewu ankafunsa ngati ndiipakanso mafuta ndikamaliza. Lachinayi apongozi anga anabwera ku mpanda, manja ali ofiira ndi utoto wa mazira. Ilinca anali pa masitepe a kalasi akudya buledi, pamene ndinkatha kumuona ndikangotukula mutu.

"Amake Ilinca, anzanu akusambitsa anthu ku Italy, inu mukusambitsa mitengo."

"Mtengo sulavulira munthu, amayi. Ndipo madzulo ndimagona ndi mwana wanga."

"Chaka chamawa tidzapakanso."

"Ndidzatsukanso."

Anatsamira mpanda, akuyang'ana kamtengo kamene ndinali nditangomaliza, milomo ataipinda.

"Apo mwasiya, cha kumunsi. Ngati mwasankha kutsuka, tsukani ngati munthu wa pakhomo panga."