Dzanja Limene Silinamve Moto

Msilikali wa mufilimu uja ataika dzanja lake pa lawi la moto n'kumangoyang'ana kutsogolo osaphethira, chisakasa chonse cha Macdonald chinaphulika ndi phokoso.

"Mwaona amuna?" anakuwa Gift, msodzi wapakamwa kuposa onse padoko, atakwera pabenchi. "Ameneyu ndiye ndikumufuna m'boti mwanga!"

"Khala pansi iwe, mutu wakowo si galasi," wina anamuyankha kumbuyo.

Unali mwezi wa Julayi, mwera utakwiya. Maboti onse a ku Chipoka anali pamchenga, ndipo asodzi, posowa chochita masana, ankadzazana m'chisakasa choonetseramo mafilimu. Ya tsikulo inali ya asilikali amene madokotala anawabaya jakisoni n'kuwaika zitsulo m'mafupa kuti asamatope, asamaope, asamamve ululu. Chichewa chake anaikamo ndi mnyamata wina wa m'tauni amene ankalankhulira aliyense, mwamuna ndi mkazi yemwe, ndi mawu amodzimodzi a m'mphuno.

Ine ndinali kumapeto kwa benchi, nditavala malaya a manja aatali ngakhale kuti munkatentha ngati mu uvuni. Ntchito yanga inali yowamba nsomba. Chiyambire dzinja, pamkono ndi pamsana panga panatuluka mawanga otumbululuka, osayabwa, osapweteka. Kenako dzanzi linayamba ku kachala kakang'ono ka dzanja lamanja n'kumafalikira m'chikhatho. Ndinkapeza matuza m'mawa osadziwa kuti ndapsa nthawi yanji. Dzina la matendawo ndinkalidziwa, koma sindinalitchulepo, ngakhale mumtima. Mkazi wanga Dailes ndinamutumiza kwa amayi ake ku Khombedza kuti akathandize kukolola. Kukolola kunatha kalekale, ine sindinamuitane. Akaimba foni ndinkati nsomba zavuta, adikire kaye.

Chimene ndinkaopa chinkakhala pakhomo la chisakasacho, pa ndowa yovundikira. A Yakobo, osoka maukonde, anadwala khate ali mnyamata. Anachira kalekale, koma zala zawo zinatsala zidutswa, ndipo anthu sanachire nawo. Palibe ankawapatsa moni wa m'manja. Pamaliro anali ndi kapu yawoyawo. Mufilimu ankaonera pakhomo, pamene panalibe wogundana naye phewa.

Nkhondo itadukiza, filimu inatitengera kunyumba kwa msilikali uja. Anakhala pakhonde akuyang'ana kutali. Mkazi wake anabwera mwakachetechete n'kuika dzanja lake pa dzanja la mwamunayo. Iye sanatembenuke. Panapita nthawi ndithu, ndiye anayang'ana pansi n'kuona kuti agwiridwa.

"Dumphitsa, Macdonald!" anakuwa Gift. "Zachikondi tikaonera kunyumba. Tikufuna zipolopolo!"

Macdonald asanadumphitse, jenereta inatsokomola kawiri n'kuzima. Anthu anatukwana, n'kutuluka kukadikira panja.

Mkangano unayambira pomwepo, pamchenga, mphepo ikutiwaza fumbi m'maso.

"Jakisoni ameneyo atabwera pa chipatala, ine woyamba pamzere," anatero Gift. "Kukoka ukonde wa chilimira mpaka kucha, msana osamva kanthu. Mwera ngati uwu ndikanalowa ndekha mpaka ku chilumba cha Mbenji."

"Amenewo si anthu," anatero Mohamed, wokonza mainjini a maboti, akupukusa mutu. "Ndi ndondocha za azungu. Kwathu kuno amazipanga ndi mankhwala a m'thengo, kwawoko ndi jakisoni. Wopindula ndi mwini wake, osati ndondochayo."

"Ndondocha imanyamula galimoto ndi dzanja limodzi?"

"Za kamera zimenezo, iwe. Galimotoyo ndi ya makatoni."

Lucy, amene ankagulitsa mandasi pakhomo n'kumasuzumira filimu pamng'alu wa mpanda, anaseka. "Inu mukuona galimoto. Ine ndaona mkazi uja. Mwamuna womugwira osamva, ndimutani ine? Bola mtondo, umamveka ukagunda."

Amuna anaseka mpaka kugwirana mapewa.

"Ndiye amuna ako amamva kwambiri eti?" anatero Gift. "N'chifukwa chake anathawira ku Joni?"

"Anathawa fungo la m'kamwa mwako."

Macdonald anandiitana kuti ndimugwirire jenereta apendeketse, aone ngati mafuta akutsika. Ndinagwada, n'kuigwira. Nthawi yomweyo Gift anandiponyera funso.

"Iwe Mayamiko, wa sukulu ya usiku, tatiweruze. Zimenezi zilipo kapena kulibe?"

Sindithamangira kuyankha, ndipo anthu ankadziwa zimenezo. Ndinayamba kufotokoza zimene ndinaphunzira, kuti ululu umayenda m'mitsempha ngati uthenga, ndipo kuti mtsempha ukaduka uthengawo sufika. Ndinkasankha mawu mosamala. Ndinaona nkhope ya Lucy ikusintha, koma ndinaganiza kuti sakumvetsa.

"Kukununkha nyama," anatero Mohamed.

"Mayamiko!" anakuwa Macdonald. "Dzanja!"

Ndinayang'ana pansi. Chikhatho changa chinali chitatsamira pa chitsulo chotulutsa utsi, chimene chinali chikadali moto. Nditachichotsa, khungu lina linatsalira pomwepo.

Kenako Gift anaomba m'manja.

"Msilikali! Amuna inu, tili naye konkuno! Osaphethira n'komwe!"

Anandizungulira. Wina anandinyamula mkono m'mwamba ngati wopambana nkhonya. Wina anafunsa kuti ndinatemera kwa sing'anga uti. Mnzake wa Gift anayesa kukhudza chitsulo chija ndi chala n'kudumpha akutukwana, anthu n'kufa ndi chiseko. Inenso ndinaseka. Chiyambire dzinja, anthu anali asanandikhudze ochuluka chotero, ndipo ndinadziwa kuti akadziwa chifukwa chake sadzandikhudzanso.

Pamwamba pa mitu yawo ndinaona a Yakobo ataimirira pafupi ndi ndowa yawo. Sankaseka. Ankayang'ana manja a malaya anga.

Filimu sindinaimalize.

M'mawa mwake ndinali kuseri kwa nyumba, pa uvuni wozizira, ndikuyesa kumanga bala ndi dzanja limodzi. Ndinamva kukhosomola. A Yakobo anaima patali, monga anazolowera, atapanira nthenga ya nkhuku pakati pa zidutswa za zala zawo.

"Odi, msilikali."

"Lowani, madala."

"Filimu ija inatha bwino," anatero akukhala pa chitsa. "Anapha adani onse. Gift akuti Macdonald aibwereze."

"Inu munaiona bwanji?"

"Amene anaipanga sanafunse munthu. Msilikali wosamva ululu sangathe chaka. Angaponde msomali n'kuyenda nawo mpaka phazi kuwola." Anakweza manja awo. "Anthu amati matenda anadya zala izi. Ayi. Ndinazimaliza ndekha: moto, mbedza, chingwe cha ukonde. Zinkapsa osandiuza. Chinthu chimodzi chokha anachilondola mufilimu muja. Mkazi uja pakhonde."

Ndinapitiriza kukulunga nsalu pabala langa.

"Vula malaya, mphwanga."

"Ndi chikanga chabe, madala."

"Chabwino. Vula, tione chikangacho."

Ndinavula. Anandiuza kuti nditsinzine ndipo ndizinena ndikamva nthenga. Ndinaimva pakhosi. Ndinaimva paphewa. Kenako ndinadikira, ndikumva mwera ukuwomba m'mabango ndi mbuzi ikulira kwa aneba.

"Yambani, madala," ndinatero.

"Ndayamba kale."

Nditatsegula maso, nthenga inali ikuyenda pa banga la pamkono, uku ndi uku. Ndinaiyang'ana ngati ikuyenda pa mkono wa munthu wina. Misozi inabwera yokha, ndipo a Yakobo anayang'ana kumbali mpaka nditamaliza.

"Mankhwala alipo ku boma," anatero. "Mapiritsi. Ukayamba kumwa sungapatsirenso munthu. Zimene zafa mwina sizidzuka zonse, koma zala zako zikadali zako. Ine ndinabisa mpaka zinaonekera zokha."

"Anthu akadziwa…"

"Adziwa. Adzakupatsa kapu yakoyako. Ena adzaiwala, ena ayi. Sindikunamiza." Anatenga nsalu ija n'kuyamba kundimanga, akukoka mfundo ndi mano. "Mkazi wako ali kuti?"

"Ku Khombedza. Kukolola."

"Mu Julayi." Anamwetulira pang'ono. "Wanga ndinamutumiza kukasamalira amayi ake odwala. Sankadwala. Ndinkati ndikumuteteza. Anadikira, anadikira, kenako anakwatiwa ndi wa njanji. Mpaka lero akuganiza kuti ndinapeza wina. Ukachoka kuchipatala, usakwere minibasi yobwerera kuno. Ukwere ya ku Khombedza. Akakana, akane akudziwa chimene akukana."

Anandiperekeza kusiteji. Njira yake imadutsa pamsika wa nsomba, ndipo popeza mwera unali usanaleke, asodzi anali ali mbwee pansi pa mtengo akusewera bawo. A Yakobo ankayenda kumbuyo kwanga, kusiya mpata woti anthu asaganize kuti tili limodzi.

"Msilikali!" anakuwa Gift atandiona. Anaimirira n'kuchita sawatcha. "Lero tikuika dzanja m'chiwaya cha tchipisi. Ndabetcha pa iwe!"

"Ndikupita kuchipatala," ndinatero.

"Msilikali amapita kuchipatala?"

Anzake anaseka. Lucy, ali ndi beseni lake la mandasi pamutu, sanaseke. Anayang'ana ine, n'kuyang'ana a Yakobo, n'kuyang'ananso ine.

Minibasi ya ku Salima inali itatsala pang'ono kudzaza, kondakitala akumenya chitseko. A Yakobo anaima patali paja, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono, moni wawo wa masiku onse. Ndinali nditaponda kale pakhomo la minibasi. Ndinatsika, n'kubwerera, n'kuwatambasulira dzanja langa lomangidwa lija.

Analiyang'ana nthawi yaitali. Anapukuta chikhatho chawo pa thalauza, ngati mwana amene akupatsidwa chinthu cha mtengo wapatali, kenako anachiika m'changa.

Pansi pa mtengo paja bawo inaima.

Ine sindinamve kanthu m'dzanja langa, ndipo ndinadziwa kuti iwonso sakumva kanthu m'lawo. Kondakitala ankakuwa kuti tikumuchedwetsa. Koma ife tinaimabe pamenepo, amuna awiri pakati pa msika, mitu yowerama, tikuyang'anitsitsa manja athu kuti tidziwe ngati tagwirana.