Anyezi Wokana Mutu

Amuna anga, a Makaiko, ndi amakani, ndikuuzeni. Kuchipatala atawapeza ndi BP, anesi anati achepetse mchere. Kufika kunyumba, kulawa nyemba zanga, n'kukankha mbale.

"Make Lyness, ndiwo zopanda mchere n'za mbuzi. Bola kufa."

Ndinkayesa nthabwala. Koma munthu anayamba kutha ine ndikuona, buluku kumangira chingwe, khasu osaligwiranso. Ndinachita mantha kuti andisiya ndekha.

Mkwiyo wonse ndinkakaphwetsera kudimba. Mwana wathu Lyness anatitumizira mbewu kuchokera ku Zomba, ine n'kufesa ngati anyezi. Masamba anakula, otambalala bwino, koma ndikafukula pansi, mutu ayi ndithu! Thunthu loyera basi. Tsiku lina ndinatopa nazo, n'kuyamba kuzula ndikuponya m'ngalande.

"Mayi Makaiko, mwapenga?" Anali a Dina, a dimba loyandikana ndi langa, omwe kale ankagwira ntchito yophika ku Malosa. "Si anyezi ameneyo, ndi maliki. Mutuwo mudikira mpaka Yesu adzabwere."

"Nanga amadyapo chiyani?"

"Thunthu lomwelo, ndi masamba omwe. Muli mavitamini, m'mimba mumayenda bwino, ndipo ndiwo zimakoma ngakhale mchere uchepe. Muwang'ambe pakati, mutsuke mchenga."

Ndinalowa m'ngalande kukatola, manyazi atandigwira. Kunyumba ndinawadula, kuwakazinga pamoto wochepa mpaka kufewa, kuthiramo nyemba ndi tomato, mchere kungotsina. Ndinawaikira bambowo ndi mpunga, n'kukakhala pakhonde mtima uli m'mwamba.

Kenako ndinamva supuni ikukanda mbale.

"Make Lyness! Mwathira mchere mobisa eti?"

"Mchere wake uti? Ndi anyezi wanga wopanda mutu uja munkamuseka."

Anatulukira pakhomo, mbale ili m'manja. "Zatsalako mumphika?"

Abale inu, ndinapakula misozi ikutsika, ine amene sindilira wamba.

Anadya choncho sabata yonse. M'mawa wina ndinapeza khasu palibe kuseri kwa chitseko. Ndinathamangira kudimba, n'kuwapeza akukwezera dothi maliki otsala aja, kugaula pang'ono, kupuma, kugaulanso.

"Inu, mukufuna kugwera pompa?" ndinakalipa.

"Musasokose," anatero osatembenuka. "Mumuuze Lyness atumize mbewu ina. Chaka chamawa ndidzafesa ndekha, inu mumawononga."

Chaka chamawa! Munthu uja ankati bola kufa. Ndinangotola ndowa n'kupita kukatunga madzi othirira.