Nyimbo ya Sofiya

Elenala anali akutembenuza matemba pathandala pamene bambo wina wa panjinga anaima pafupi, nafunsa ngati kuno ku Kachulu kuli munthu wotchedwa Fanuelo, woimba gitala. Anati iye ndi Bizweki wa ku Phalombe, ndipo ankagwira ntchito limodzi ndi Fanuelo mumgodi ku Joni. Anabwera kudzagula nsomba, koma sakanabwerera osamuona mnzakeyo.

Elenala anapukuta manja pachitenje. Anamuuza kuti Fanuelo anali mwamuna wake, ndipo anapita ndi kolera wa dzinja lapitalo, pamodzi ndi asodzi ambiri a padoko. Bizweki anavula chipewa, nakhala pansi pomwepo.

Elenala anamutengera mlendoyo kunyumba ndi kumupatsa thobwa. Ali pakhonde, Bizweki anasuzumira m'nyumba naona gitala ili pakhoma, nsambo zake zitachita dzimbiri. Anamwetulira pang'ono.

"Alamu, kodi ankaimbabe nyimbo ya Sofiya ija?"

Nkhope ya Elenala inasintha. Nyimboyo ankaidziwa bwino. Fanuelo anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo siinali ngati nyimbo zina zimene anthu amavina. Inali yodekha, yoimbidwa ngati za pamagalamafoni a azungu. Ankakhwatcha nsambo imodzi imodzi, mawu ali pansipansi, kenako n'kukweza mwadzidzidzi ngati akuitana munthu amene ali pakati pa nyanja:

Sofiya, choka pamsewu,
dzuwa lakuwotcha.
Basi ya lero ilibe ine.

Amayi a padoko sanachedwe kuigwira. Elenala akamadutsa ankaimba monong'ona, ena n'kumufunsa ngati Sofiyayo adzabwera pa basi kapena pa bwato. Atamufunsa mwamuna wake kuti Sofiya ndi ndani, Fanuelo anangoti ndi munthu amene sanamuonepo. Elenala anaona kuti n'chipongwe. Anamuuza kuti akadzaimvanso nyimboyo pamudzi pa amayi ake, atenge bulangete lake azipita kwawo. Fanuelo anapachika gitala pakhoma, ndipo sanaikhudzenso mpaka imfa yake.

Zonsezi Elenala anamufotokozera Bizweki mosabisa, mkwiyo wakale ukumvekabe m'mawu ake. Mlendoyo anaika chikho pansi.

"Alamu, Sofiya anali mwana. Kamwana kongoyamba kumene kuyankhula."

Kenako anafotokoza. M'gulu lawo munali Myao wina wa ku Songani, dzina lake Alli. Anasiya kwawo kamtsikana kamene, malinga ndi anthu obwera kuchokera kumudzi, kankaima pamsewu tsiku lililonse kuyang'ana basi, poganiza kuti bambo ake atsikamo. Tsiku lina mwala unagwa pansi pa mgodi, n'kutsekera Alli ndi Fanuelo mumdima. Fanuelo sanavulale kwambiri, koma Alli mwala unamupsinja kuyambira m'chiuno kupita kumiyendo. Pamene anzawo ankakumba kuti awafikire, Alli anali atagwira dzanja la Fanuelo, akuyankhula ndi mwana wake ngati ali pomwepo. Pofika okumbawo, dzanjalo linali litazizira.

Fanuelo anakhala nthawi yaitali osayankhula ndi munthu mukomponi mmene ankagona a mumgodi. Kenako anagula gitala, ndipo mawu a Alli aja anawaika m'nyimbo kuti angaiwale. Ankati akabwerera kumudzi akamuimbira mwanayo. Koma za mgodiwo sankazikamba. Wina akangozitchula, iye ankadzuka n'kutuluka panja.

Elenala anakumbukira kuti chaka chimene Fanuelo anabwera, ananyamula gitala n'kupita ku Songani, nabwerako madzulo maso ali gwa, osanena chimene anakachita. Elenala anaganiza kuti anapita kwa Sofiya uja, ndipo anamumana chakudya. Tsopano anazindikira kuti mwamunayo anafika pamsewupo koma analephera kulowa pamudzi.

Sanalire pamaso pa mlendo. Anamuperekeza kudoko, namusankhira matemba abwino. Atabwerera analowa m'nyumba, natsitsa gitala ija. Pamene panali gitalayo khoma linali loyera kusiyana ndi pena ponse. Anaiika pamiyendo, ndipo misozi imene inakana kutuluka bwino pamaliro inatuluka masana amenewo, mpaka mkazi wa nyumba yoyandikana anabwera kudzafunsa ngati kwagwanso zovuta.

Sabata yotsatira anakulunga gitala m'chitenje, namangirira pansonga ya mpango khadi la chipani limene ankafunsa aliyense wokwera basi, n'kukwera lole ya nsomba yopita ku Zomba. Kuchokera kumeneko anapeza basi ya ku Liwonde, natsika pa Songani. Anafunsa pamsika za mwana wa malemu Alli amene anafera ku Joni. Anamulozera mtsikana wina wogulitsa tomato, ali ndi khanda kumsana.

Sofiya anamulandira mwaulemu, namupatsa kasaka koti akhalepo. Anati bambo akewo sakuwakumbukira nkhope. Amayi ake anakwatiwanso kalekale, ndipo chimene anauzidwa n'chakuti bambo anaikidwa konko ku Joni, basi. Elenala anamufotokozera zonse, kuyambira za mwala mpaka za dzanja. Sanabise kuti nyimboyo inayenera kufika kwa iye zaka zambiri zapitazo.

"Ndiimbireni, amayi," anatero Sofiya.

Elenala sankadziwa kukhwatcha gitala. Anangoimba ndi pakamwa, pakati pa phokoso la msika. Anafika pamene pamati basi ya lero ilibe ine, nangoima. Sofiya anadikira, maso ali pa iye, dzanja likusisita khanda.

"Ndiye akupitiriza kuti chiyani bambo anga?"

Elenala anafunafuna m'mutu mwake. Ankadziwa kuti nyimboyo inali yaitali, moti Fanuelo akanatha kuiimba mpunga mpaka kupsa. Bizweki nayenso anali atamuuza kuti mawu ena anawaiwala, amangokumbukira kamvekedwe kake.

"Sindikudziwa, mwanangu. Akafika pamenepa ndinkamuletsa."

Sofiya anawerama kwa kanthawi. Munthu wina anaima kufunsa mtengo wa tomato, koma poona kuti palibe womuyankha anapitirira. Kenako mtsikanayo anatenga gitala ija, naiika pambali pa dengu lake, n'kusendera pafupi ndi Elenala.

"Imbaninso pomwepo, amayi. Pang'onopang'ono, ndiigwire."

Elenala anayambanso, ndipo Sofiya ankatsatira pambuyo pake. Atafika pamalo paja, onse awiri anakhala chete.