Nkhwangwa pa Mita Yachiwiri

Kuno kwathu ku Sauerland, dera lamapiri la chisanu choopsa, palibe amene sadziwa kuumira kwa a Eckhard Vollmer. Nyumba ya makolo anagawana ndi mchemwali wawo Heidrun: iwo pansi, iye pamwamba ndi mwamuna wake, a Gernot, amene anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha. Atachotsa ng'anjo yakale n'kuika pampu yotenthetsa nyumba, a Eckhard anaitanitsa mita yachiwiri, ya pampu yokhayo, poti magetsi ake ndi otchipa. Koma kutchipako sikwaulere. A kampani ya magetsi amaizimitsa pampuyo ali kuofesi kwawo, nthawi imene anthu ambiri akuphika. Chitsulo china chotenthetsera chilipo, cha pa mita wamba, koma chimameza magetsi odula. A Eckhard anachizimitsa, n'kukhoma chipinda chapansi pa nyumba, kiyi m'thumba.

Loweruka lina mu Januwale kunazizira moti galu wanga anakana kutuluka. Masana ndinawoloka msewu kukawapatsa a Gernot supu ya mbatatesi. Ndinawapeza milomo itada, akunjenjemera mpaka bedi kugwedera, mabulangete onse a m'nyumba ali pa iwo. Mapaipi otenthetsa nyumba a pakhoma anali ozizira kuti zii. Mtima unandiwawa, ndipo ndinakwiya.

Heidrun anatsika masitepe, ine pambuyo. Achimwene akewo anali kukhitchini, atavala majuzi awiri, akumwa khofi.

"Achimwene, kiyi."

"A kampani ayatsa okha. Avekeni juzi."

"Juzi? Alamu anu akuuma ngati nyama ya mufiriji, inu mukuti juzi?"

"Nanga mita yachiwiri ija amapereka ulere? Ndimailipira lendi ine. Ukangoyatsa chitsulo chija, phindu lonse lapita."

"Adzakuikani nayo m'manda mita yanuyo?"

"Iwe Heidrun, sindine mnzako. Choka!"

Anachokadi, koma anabwerako ndi nkhwangwa ya nkhuni. Anamenya chitseko cha chipinda chapansicho, loko n'kuthyoka. A Eckhard anamulumphira kumbuyo, kumukoka tsitsi, n'kumuwombetsa mutu kukhoma. Heidrun anabweza ndi mpini pakamwa penipeni. Dzino linagwera pansi, magazi kuyenderera pa juzi. Ndinati ndilanditse, ndinalandira chigongono pamphuno, maso kuchita mdima.

Anagubuduzika limodzi pa masitepe mpaka pansi. Bambo wamkulu ndi imvi zake anamukwera mchemwali wake pachifuwa, manja pakhosi, akukuwa kuti nyumba ndi ya bambo awo. Heidrun anawaluma chala mpaka ndinamva chikuthetheka. Atamasuka anatola nkhwangwa ija n'kuwamenya ndi kumsana kwake pabondo. A Eckhard analira ngati nkhumba ikuphedwa.

"Chitsulo chija amayatsira pati?" Heidrun anafunsa akupuma mwawefuwefu.

A Eckhard anangomulavulira magazi pa nsapato.

Heidrun anali asanalowemo m'chipindamo chiikireni pampuyo. Anaima kutsogolo kwa bokosi la mamita, maso ali mwazumwazu, mabatani mbwee, osadziwa loti adine. Kenako anaona kabokosi kotuwa pambali pa mita yachiwiri, kali ndi kanyali kofiira.

"Ndi kameneka eti? Kamene a kampani amatizimitsira?"

"Usayerekeze! Heidrun, chemwali, usa..."

Nkhwangwa inatera. Kunamveka phuu, moto kuthetheka, Heidrun n'kuponyedwera pa mashelefu a mabotolo a jamu. Magalasi anamwazika ponseponse. Nyali inazima, firiji yaikulu ya pakona inasiya kulira, ndipo fungo la mawaya opserera linatitsamwitsa tonse.

Mumdimamo a Eckhard anayamba kuseka, kapena kulira, sindinathe kusiyanitsa.

"Chitsiru iwe. Nthawi inali itakwana, a kampani akanayatsa pompano. Wawotcha zonse, mamita onse awiri, ndi chitsulo chako chomwe. Lero Loweruka. Mmisiri umupeza kuti?"

Ndinamudzutsa Heidrun, chikhatho chake chitapsa n'kusupuka, magalasi atamubaya kumsana. A Eckhard tinawasiya pomwepo, ndipo kunena zoona sindinawamvere chisoni ngakhale pang'ono. Tinakwera pamwamba tikugwirizana, magazi akudontha pa masitepe.

M'chipinda munali bata. Bedi linali litasiya kugwedera. A Gernot anali atakankha mabulangete ndi dzanja lawo labwino lija, chifuwa pamtunda, maso ali theka. Anamwetulira mbali imodzi ya pakamwa.

"Heidrun, wayatsa eti?" anatero pang'onopang'ono. "Wachita bwino. Kwatentha tsopano. Ndigoneko."

Mpweya wathu unkaoneka ngati utsi m'chipindamo. Ndinagwira dzanja lawo, linali ngati chitsulo cha panja. Ndinakumbukira kuti munthu akamafa ndi chisanu amamva ngati kwatentha. Ndinathamangira kwathu kukaimbira ambulansi, ndipo ndili pakati pa msewu ndinkamumvabe Heidrun akuwagwedeza.

"Gernot, musagone. Chonde, musagone!"