Dzanja pa Chiliza cha Pennycooke

Tsiku lomanga chiliza cha bambo ake, malemu Pennycooke, Icilda anawotcha buledifuruti kuyambira m'mawa mpaka maso kufiira ndi utsi. Zipatsozo anathyola mu mtengo wake womwe, uja uli pakati pa bwalo. Iye atabadwa, bambo akewo anakwirira mchombo wake pamenepo n'kudzalapo mtengowo, monga amachitira anthu a kumapiri a St Elizabeth kuno ku Jamaica. Mayi ake sanali mkazi wa m'nyumba. Choncho mtengowo ndiwo unali umboni wokhawo woti nayenso ndi wa pakhomopo.

Ndiye kunabwera a Lascelles, mwana wa mkazi wamkulu, mphunzitsi wopuma ntchito wochokera ku Mangalande. Munthu wovala jekete dzuwa likuswa mtengo! Bambo awo akudwala, akudziyipitsira pamphasa, iwo ankangotumiza migolo ya zovala zakale ndi sopo. Wochapa zofundazo anali Icilda. Lero a Lascelles ndiwo anakhala pampando wa malemuwo, miyendo atapingasa.

Mmisiri atamaliza kusalaza simenti pamanda kuseri kwa nyumba, abale anakhala pansi n'kuyamba kudya nyama ya mbuzi ndi buledifuruti. A Lascelles anagogoda tambula ya mowa wa ramu ndi supuni.

"Mtengo uwu ugwa Lolemba," anatero. "Pamenepa ndimangapo poimika galimoto."

Icilda anaika beseni pansi. "Achimwene, mtengowu ndi wanga. Mchombo wanga uli pansi pakepo. Anakwirira ndi bambo."

A Lascelles anamwetulira ngati akuyang'ana mwana wa sitandade yoyamba amene wadzikodzera. Anakweza dzanja, kachala kakumapeto katakhota ngati mbedza, monga kanalili ka malemu aja.

"Chemwali, ngati n'kololeka kukutchulani choncho, Angerezi ali ndi mawu amodzi okoma: extraneous. Anachokera ku Chilatini, ndipo muzu wake ndi kunja. Ngakhale mawu awo otanthauza mlendo anaphuka pamuzu womwewo. Amanena chinthu chimene chapezeka pamalo koma sichikhudzana ndi za pamalopo. Mwala mumpunga. Ndime yosochera m'chimangirizo cha mwana wasukulu, imene ine ndinkangoidula ndi cholembera chofiira. Si kutukwana ayi. Ndi kulongosola basi."

Wina anaseka, kuseka kwa munthu amene sanamve kanthu koma akufuna nsapato za mumgolo wotsatira.

Icilda sanawope Chilatinicho. Munthu wodzitukumula ngati finye umangomusiya, aphulika yekha. Anatembenukira kwa azakhali awo, a Pearlita, mlongo wa malemuwo, amene tsiku lokwirira mchombo lija ndiwo ananyamula khasu. Nkhaniyi azakhaliwo anali ataifotokoza kambirimbiri, makamaka nyengo ya njala akabwera ndi dengu kudzapempha zipatso.

"Azakhali, inu munalipo. Auzeni."

A Pearlita anayang'ana m'mbale. Anali atavala chipewa chofiirira cha ku Mangalande, nthenga ili njo. Anatafuna, n'kutafunanso, ngati buledifurutiyo ili ndi mafupa.

"Mwanawe, ine mutu unatha," anatero. "Zakale sindizikumbuka."

Apa m'pomwe Icilda ananyansidwa mpaka malovu kuwawa. Achimwenewo sankamudziwa, ndi mlendo weniweni. Koma awa, akuti chibale ndi fupa sichiwola, chawo chinawolera chipewa cha nthenga imodzi. Anayang'ana bwalo lonse. Asuweni, azilamu, adzukulu, onse milomo ili noninoni, maso ali kumbali.

Anatola beseni lake n'kuyamba kuzungulira. Mbale iliyonse ankachotsamo buledifuruti ndi manja, ngakhale yolumidwa kale. Ya azakhali anachita kuilanda pafoloko.

"Mwala mumpunga ungakuthyoleni mano," anatero mosakweza mawu. "Idyani mbuzi ya achimwene."

Anakakhuthulira zonse m'khola la nkhumba. Nkhumbazo zinadya mokondwa, ndipo sizinanamizire kuiwala amene wazipatsa.

Ankadziwa kuti mtengo wapita. Lolemba macheka alira, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe pabwalopo amene adzatsokomole. Zinamupweteka kwambiri, moti anaima kaye kuseri kwa khola. Kenako anapita kumanda.

Simenti inali itayamba kugwira koma isanaumitsitse. Anagwada, n'kunena chapansipansi, "Bambo, ndi ine," ndipo anadinda dzanja lake lamanja pakati penipeni pa chiliza, n'kutsamirapo ndi thupi lonse.

Atadzuka anapeza abale atamuzungulira. A Lascelles anali kutsogolo, akupuma ngati akwera phiri.

"Salazani pamenepo msanga," anauza mmisiri.

Mmisiriyo, a Linval, anali atatsuka kale zida zawo. Anagwira m'mphepete mwa simentiyo ndi chala, n'kuyang'ana Icilda, n'kuyang'ana bwanayo.

"Yagwira, bwana. Mukafuna, tengani hamala muswe nokha manda a bambo anu."

Onse ankayang'ana dzanja lija pasimenti, zala zinayi zowongoka ndi kachala kakumapeto kokhota ngati mbedza. A Pearlita anavula chipewa. A Lascelles anayang'anitsitsa kwa kanthawi, kenako pang'onopang'ono analowetsa dzanja lawo m'thumba la jekete.