Jekete la Kaviaq

Kaviaq, galu wa Evon, anachekeka phazi pa 19 Disembala, agalu akuwoloka mtsinje wa Kuskokwim pamalo pamene madzi oundana anali atasweka n'kuundananso akuthwa. Evon anamukweza pachileyi chimene agaluwo ankakoka, ndipo atafika kumudzi sanamumangirire panja ndi anzake. Anamugoneka m'nyumba, pafupi ndi mbaula.

"Masiku awiri okha," anauza mkazi wake Anesia.

Chaka chatsopano chinamupeza galuyo ali pomwepo. M'mawa uliwonse Evon ankatsuka balalo ndi madzi amchere, n'kupakapo mafuta, n'kumeta ubweya wa pakati pa zala kuti madzi oundana asadzamatirepo. Bala linapola bwino. Koma pakati pa Januwale, atatenga chipeso kuti amupese, chipesocho chinatuluka chodzaza. Ubweya wam'kati, wofewa uja umene umasunga kutentha, unali kuthothoka chifukwa cha kutentha kwa mbaula, ngati kuti chilimwe chafika. Pamimba ndi m'ntchafu khungu linkaonekera.

"Mwamusandutsa mphaka, bambo a Olinka," anatero Anesia akusesa ubweyawo. "Chatsala n'kumugulira mpando."

"Mukadakhala inu mukadamusiya panja ndi bala?"

"Ndikadamuika pakhonde. Ndinanena ine. Koma inu mukagwidwa chisoni makutu amatseka."

Ukonde wa Evon unali pansi pa madzi oundana kumtunda kwa mtsinje, ulendo wa theka la tsiku, ndipo nsomba zouma zodyetsa agalu zinali pafupi kutha. Mwa agalu ake onse, Kaviaq yekha ndiye ankatsogolera, chifukwa ankadziwa kulambalala malo amene madzi sanaundane mokwanira. Kupita popanda iye kunali kuika moyo pachiswe. Kupita naye mimba ili pamtunda, kunja kukuzizira madigiri makumi anayi pansi pa ziro, kunali kumupereka kwa chisanu.

M'mawa mwake anamutulutsa kuti aone. Galuyo anathamanga mpaka pamene panali anzake, ananunkhizana nawo, kenaka anakhala pansi n'kuyamba kunjenjemera. Evon anamubweza, koma ulendo uno anamuyalira udzu wouma pakhonde lotchingidwa, losalowa mphepo.

Atalowa m'nyumba anapeza Anesia ali patebulo ndi sizasi. Jekete la Evon lopitira kutchalitchi, la nthenga m'kati, linali pomwepo, manja onse awiri atadulidwa.

"Mayi a Olinka, limenelotu ndi langa."

"Linali lanu."

"Bwanji osadula lakale lija?"

"Lakale limalowa mphepo. Inu muli ndi mafuta anuanu pamimbapo, simungafe. Bwerani naye ndimuyeze."

Evon anagwira galu, Anesia akuyeza ndi chingwe kuyambira pakhosi mpaka kumchira. Anasoka mosathamanga. Chidutswa cha kumsana kwa jeketelo chinakuta mimba ndi ntchafu, ndipo m'mapewa anasiya mpata kuti lamba wokokera asamakhule khungu. Nsalu ya manja aja anasokera tinsapato tinayi.

Ananyamuka Loweruka kukuyera. Kaviaq anayamba mwamanyazi, akudzigwedeza ngati wagweredwa chinthu kumsana, koma atatsikira mumtsinje chingwe chinakungika. Pokhotera pamene panali misondodzi anakhotetsa gulu lonse kumanzere Evon asanalankhule. Kumanja kunkatuluka nthunzi yopyapyala, chizindikiro chakuti pamenepo madzi sanaundane.

Atafika paukonde, Evon sanayambe ndi nsomba. Anagwada, anavula chovala cha m'dzanja n'kupisa dzanja pansi pa jekete. Mimba inali yofunda ndi youma. Anamuvula tinsapato tija n'kutambasula zala chimodzichimodzi. Chipsera sichinang'ambike. Apo m'pamene anatenga chitsulo n'kuyamba kuboola madzi oundana.

Anabwerera chileyi chitalemera. Atamasulidwa, Kaviaq analunjika pachitseko, koma Anesia anatchinga ndi mwendo.

"Iwe, kwanu n'pakhonde. Ubweya ukamera ubwerera kwa anzako."

Galuyo anayang'ana Evon. Evon anayang'ana kumbali, n'kupita kukatenga udzu wina wouma.

Lamlungu anapita kutchalitchi atavala jekete lakale lija, lonunkha nsomba.