Ndege ya Malemu Pabwalo Langa

Malemu mwamuna wanga sanandisiyire galimoto ngati amuna anzake. Anandisiyira ndege. Anaipanga yekha ndi mapaipi, injini anachotsa pa njinga yamoto, ndipo chinthucho chinadzaza bwalo lonse la mumpanda mwathu. Poyanika zovala ndinalibe. Popita kumpopi ndinkachita kuwerama pansi pa phiko, munthu wamkulu ngati ine.

Tsiku lina kunabwera mlamu wanga, mng'ono wake wa malemuyo, wowotcherera zitsulo. Anati injini ikalira bwino, ndegeyo aitenga.

"Itengeni lero lomwe," ndinatero.

"Ayi alamu, timayamba tayesera pansi. Kumwamba kulibe poimika."

Anamanga mchira ndi chingwe kumtengo, matayala anatsekera ndi njerwa. Ine anandipatsa chozimitsira moto. "Muime kumbuyo kwa phiko. Mukayandikira chozungulira chapamphunochi, tikakuikani m'mabokosi awiri."

"Linalo mudzagonamo ndinu."

Anakuwa kuti aliyense atalikire, chonsecho tinalipo awiri okha, kenaka anapukusa chozungulira chija. Injini inatsokomola, kuphwisa utsi wakuda, n'kuzima. Akuti mafuta achuluka. Anapotokola kasikuluwu. Inalira pang'ono, n'kuzimanso. Akuti tsopano achepa. Mulungu andikhululukire, injini imeneyo ndinaipempherera kuposa mwini wake ali kuchipatala.

Mwadzidzidzi inagwira. Mphepo inandivula mpango kumutu, mabeseni anagubuduka, galu wa aneba anathawa osatsanzika. Mlamu anawonjezera moto pang'onopang'ono, maso ali pa geji yoonetsa mphamvu ya injini, chingwe chitakungika koma osaduka. Atazimitsa anagwiragwira mabawuti onse. Panalibe chomasuka, panalibe chodontha.

"Achimwene anali katswiri!" anatero, misozi ili mbwee.

"Muzilira mukukankha."

Tinamasula chingwe n'kukankha mpaka pageti. Mphuno inatuluka bwinobwino. Mapiko anagunda khoma uku ndi uku. Mlamu anafunafuna pomasulira mapikowo. Katswiri uja anawotcherera zonse.

Anakanda mutu. "Alamu, mpandawu tikangogumula pang'ono chabe..."

"Mpanda wanga? Ndinanyamula njerwa ndi mutu wangawu pamene mkulu wanu ankapenta mchira!"

"Ndiye tiibweze kaye mkati, ndikaganize."

Ndinalowa m'shedi ya malemu, ndinatuluka ndi sowo yodulira zitsulo. Mlamu anagwada pansi, akuti phiko silidulidwa ngati nkhuni. Ndinamuuza agwire kunsongako kuti lisandigwere paphazi, ndipo poti ndi mwana woleredwa bwino, anagwira.